Galaja ya amdala pa Chipata, anakana kugwira Corolla yanga mpaka ataona pepala la kalasi

Anyamata ambiri kuno ku Chipata akhala akundiimitsa kufunsa kuti iwe motoka yako ija bwanji yakwera m'mwamba pomwe chaka chatha inali yogwada mpaka kumakwecha mahampu a pa Umodzi Highway, nde ndati ndifotokoze kamodzi zonse za galaja yomwe inandikonzera, zabwino zake ndi zomwe sizinandisangalatse zomwe. Dzina sindilemba chifukwa eni ake sakonda zotchulidwatchulidwa, ine ndimangowaitana amdala, ali mbali ya kumunsi kwa tawuni ndipo ntchito yawo yeniyeni ndi zapansi pa motoka, ma shock, masipuling'i, mabushi, zimenezo.

Motoka yanga ndi Corolla AE111, injini 4A-FE ya 1587cc, manual, yokoka ndi matayala akutsogolo. Si motoka ya rally iyayi, ndi yomweyo imandipititsa kuntchito, yomweyo imanyamula matumba a chimanga kuchokera kumudzi mbali ya Chadiza, ndipo ikafika nthawi ya timipikisano ta kalabu ta pafumbi kufupi ndi Lusaka ndimayendetsa ndekha makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road kudutsa Katete, Petauke, Nyimba, mapiri a ku Luangwa aja, ndilibe trailer. Navigator wanga, wondiwerengera njira pa mpikisano, ndi alamu anga. Tonse tinakula tikumva za Satwant Singh amene anatenga African Rally Championship ka 8, kenako Muna Singh mu 2004 ndi 2005, Jassy Singh mu 2013, ndi Leroy Gomes mu 2022, onsewa a kuno ku Zambia, nde mtima wofuna kuthamanga pafumbi unalipo kalekale, ndalama zokha ndi zomwe zimatiuza kuti tiyambire kalasi yapansi, ya motoka za standard zosapitirira 1600cc.

Ndisanafike kwa amdala ndinali nditawononga kale ndalama. Ndinaoda ma coilover, ma shock obwera pamodzi ndi masipuling'i ake, pa intaneti kwa wogulitsa wina, opanda dzina lodziwika, onyezimira bwino, okhala ndi kachopotokola pamwamba kofewetsera ndi kulimbitsira, mazinga otsitsira motoka, ndi ma camber plate a aluminiyamu, zitsulo za pamwamba pa shock zosinthira kupendama kwa tayala. Anyamata ena a m'mbali mwa msewu anandiikira tsiku limodzi ndipo patala motoka imakhota ngati yamatidwa pansi, ndinasangalala zoona. Tafika ku mpikisano, pa scrutineering, pomwe amayendera motoka mpikisano usanayambe, bambo woyendera uja anangotsegula boneti n'kuloza ma plate aja ndi cholembera, kenako anasuzumira kumbuyo kwa tayala n'kuona mazinga, ati iyi si standard, mukafuna kuthamanga mulowa kalasi ya modified. Tinalowa momwemo poti tinali titalipira kale komanso mafuta tawotcha, koma kumeneko munali motoka zotsegulidwa injini, zochotsedwa mipando, ife tinalibe chathu. Choipa kwambiri n'chakuti pafumbi motoka yogwada ija imagunda pansi pa dzenje lililonse, guu guu, sitinamalize n'komwe siteji yachiwiri, chigawo chachiwiri cha mpikisano, shock yakutsogolo kumanja inaphulika oilo mbwee mkati mwa mudguard, ndipo titafika kunyumba titayenda pang'onopang'ono usiku wonse tinapeza kuti chitsulo cha bodi pomwe shock imamangidwa pamwamba, strut tower ija, chatukuka ndipo chayamba mng'alu. Zinandiwawa kwambiri, ndalama imeneyo ndinasunga miyezi yambiri.

Alamu ndi amene anati tiyeni kwa amdala.

Tsiku loyamba ndinafika ndi mndandanda wanga m'mutu, ndikufuna ichi ndikufuna icho. Amdala anali atakhala pa rimu yakale akutsuka ma ball joint m'kachigubu kodula ka parafini, sananyamuke, anandimvetsera mpaka ndamaliza kenako ati, "Mwana wanga, pepala la malamulo a kalasi yako lili kuti?" Ndinati lili mu foni. Ati pita ukapulinte ubwere nalo, ine za mu foni maso sakuona, ndipo sipanala sindigwira ndisanawerenge. Ndinanyansidwa pang'ono osanama, ndinaona ngati akundichedwetsa, koma ndinapita ku Down Shops kukapulinta masamba onse. Nditabwerako anapukuta manja pa ovolosi, anavala magalasi omangidwa ndi kawaya mbali imodzi, anayala mapepala pa boneti n'kutsamiritsa ndi soketi kuti mphepo isaulutse, ndipo anawerenga mzere ndi mzere ndi pensulo, pena akulemba chongi pena mtanda, mapepala onse anatuluka ali ndi zidindo za zala za girisi. Zinatenga pafupifupi ola, makasitomala ena akudikira. Pamenepo m'pamene anandionetsa mzere umene ine ndinaudumpha ulendo woyamba, wonena kuti chilichonse chimene sichinalembedwe kuti n'chololedwa ndiye kuti n'choletsedwa. Ine ndinkawerenga mozondoka, ndinkafufuza pomwe alemba kuti camber plate ayi, nditapanda kupapeza n'kuganiza kuti basi ndi zololedwa. Safunsa anadya phula, ndipo phula lake ndinalidya ndithu.

Mzere umenewu si wa kalabu yathu yokha, ndi mmene malamulo a FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya motoka padziko lonse, amalembedwera m'gawo lotchedwa Appendix J, ndipo makalabu ambiri amatengera kumeneko. Mwachitsanzo Group N, yomwe inayamba mu 1982 ya motoka zopangidwa zambiri kufakitale, zosachepera 2,500 m'miyezi 12 yotsatizana, lamulo lake la Article 254 limalola kusintha ma shock bola chiwerengero chake, mtundu wake, kagwiridwe kake ka ntchito ndi malo omangira zikhale zomwezo. Koma chenjerani apa, kalasi ya standard ya kalabu ikhoza kukhala yothina kuposa Group N, ndipo yathu inalidi choncho. Pepala lathu limati shock sinthani koma imangidwe pa mabowo a fakitale, isakhale ndi kathanki kapadera ka oilo, mpando wa sipuling'i ukhale wosasuntha, top mount, chomangira shock kubodi pamwamba, ikhale ya labala ngati ya fakitale, masipuling'i ndi mabushi mukhoza kusintha, ndipo kulimbitsa bodi powotcherera chitsulo n'kololedwa bola bowo lisasunthe. Nde musatenge zanga izi ngati malamulo a Zambia yonse, mipikisano imayenda pansi pa Zambia Motor Sport Association koma uliwonse umatulutsa pepala lakelake, werengani la kumene mukupitako.

Titamaliza pepala m'pamene anakweza motoka pa jeke. Chinthu choyamba chimene anandiphunzitsa, ndipo ichi ndi chimene ndimafuna anyamata a ma coilover amve, n'chakuti pafumbi chofunika ndi mpata woti tayala likwere ndi kutsika. Ananditengera shock yakale ya fakitale yomwe inali pa mulu wa zitsulo, anaikoka yonse kenako n'kuikanikiza yonse, n'kuika chala pa shafti kundionetsa pomwe motoka imakhala ikaima. Ukatsitsa motoka ndiye kuti wadya mpata wa pamwamba pa chala chija, tayala likakumana ndi mwala limayenda pang'ono chabe n'kufika pa bump stop, kalabala koimitsa shock kumapeto kaja, ndipo mphamvu yonse yotsala imapita kubodi, n'chifukwa chake tower yanga inatukuka. Patala losalala kutsitsa kumathandiza chifukwa kulemera kumakhala pansi, koma ife misewu yathu ndi ya mizere ija yangati malata, maenje, miyala, ngalande zodutsa pakati. Tayala likakhala m'malere silikhota, silikoka, silimanga buleki.

Pa ma shock tinakambirana nthawi yaitali chifukwa ine mtima unali pa monotube, ngati Bilstein B6 kapena KYB Gas-a-Just. Kusiyana kwake n'kotere, monotube ili ndi chubu chimodzi, gasi wa nitrogen amakhala payekha kuseri kwa kapisitoni koyandama nde oilo sachita thovu ndipo kutentha kumatuluka msanga, pomwe twin tube ili ndi machubu awiri china mkati mwa chinzake, gasi ndi oilo zimakumana m'chubu chakunja, ukaithamangitsa nthawi yaitali pamalata oilo amatentha n'kuchita thovu shock n'kufewa. Amdala sanatsutse kuti monotube ndi yabwino, anangondifunsa mafunso awiri, siteji zako ndi zazitali bwanji, ndipo ikawonongeka Loweruka uli ku Lusaka ina uipeza kuti. Corolla iyi ili ndi ma strut, ma shock onyamula sipuling'i ndi kugwira tayala, mbali zonse zinayi, kupeza monotube yolowa ndendende popanda kudula ndi kuwotcherera si nkhani yapafupi kuno, ndipo ukayamba zodulazo wayambanso kukangana ndi pepala. Twin tube ilinso ndi ubwino umodzi, mwala ukabinya chubu chakunja pisitoni imayendabe chifukwa ili m'chubu chamkati. Mapeto ake tinaika KYB Excel-G zinayi zonse, gasi twin tube, zomwe kwenikweni ndi zolowa m'malo mwa za fakitale, si za rally, ndipo amdala ananena poyera kuti izi si zodumphira, ukaona jampu chotsa phazi. Kwa munthu woyamba wa siteji zazifupi ngati ine zakwana, ndipo mtengo wa zinayi sunafike pa umene ndinalipira ma coilover aja.

Apa ndiwayamikire pa nkhani ya zafeki. Mukudziwa nonse kuti pamsika pali ma shock ovala bokosi la kampani yodziwika koma mkati muli zina, ena ndi akale ongopentedwa. Katundu atafika pa basi kuchokera ku Lusaka anatsegula ine ndili pompo, anayang'ana nambala yodindidwa pachitsulo ngati ikufanana ndi ya pabokosi, anayang'ana kuwotcherera kwa bulaketi, kenako shock iliyonse anaiimika chilili n'kuipopa kangapo asanaiike kuti oilo akhale m'malo mwake, akumvetsera ndi dzanja ngati pali pomwe ikudumpha popanda mphamvu.

Masipuling'i ndi pomwe panavuta. Anyamata ambiri amadula sipuling'i ndi girenda kapena kuitenthetsa ndi gasi kuti motoka igwade, amdala zimenezo safuna kuzimva n'komwe. Kudula kumalimbitsadi sipuling'i chifukwa makoilo ogwira ntchito achepa, koma yafupika, tayala likalendewera imatha kuchoka pampando wake, ndipo yotenthetsa ija chitsulo chimafooka imangogwa yokha pakapita miyezi. Ife timafuna yolimbirapo pang'ono koma yosafupika. Anayeza masipuling'i angapo, kunenepa kwa waya ndi vernier, kuwerenga makoilo, kutalika kwake, mpaka anapeza seti yokhala bwino pampando wa strut. Motoka inakwera pafupifupi 20mm pamwamba pa mmene imakhalira ndi za fakitale, ndipo anati tisapitirire pamenepo chifukwa ukakweza kwambiri ma CV joint, majoini a mashafti okoka matayala akutsogolo, amagwira ntchito atapendama, amatha msanga, komanso tayala limasowa mpata wotsikira m'dzenje. Anandichenjezanso kuti sipuling'i yolimba kwambiri pa shock wamba imapangitsa motoka kunjanja ngati mpira chifukwa shock ikulephera kuigwira pobwerera. Zinthu ziwirizi zimayenda limodzi.

Mabushi ndinkafuna a polyurethane paliponse. Anaika pa stabilizer, chitsulo chochepetsa kupendama pakona, ndi pa mikono ya kumbuyo basi, kutsogolo pa control arm anaika a labala atsopano, ati labala imameza kugunda ndipo bodi ya zaka zimenezi ikufuna chifundo. Mabawuti a mabushi a labala sanamange motoka ili m'mwamba, anaitsitsa kaye iime pa matayala ake, anandiuza ndikhale pampando wa dalaivala, mnyamata wawo n'kukwawira pansi kukamanga, chifukwa ukamanga ili lende labala imakhala yopotoka nthawi zonse ndipo imang'ambika msanga. Kanthu kakang'ono koma anyamata a m'mbali mwa msewu aja sanachite. Stabilizer anasiya ya fakitale, pepala silinatchule zosintha. Tower anaiwongola, mng'alu anauboola kumapeto kuti usapitirire, anawotcherera n'kuikapo chitsulo chotsata maonekedwe a bodi, mabowo atatu aja ali pomwe Toyota anawaika. Strut brace, chitsulo cholumikiza ma tower awiri, ndinali nayo kale yogula, anandiuza ndiisunge kunyumba poti pepala silinaitchule.

Manje zomwe sizinandisangalatse, chifukwa zilipo. Anandiuza sabata imodzi, motoka inakhala masabata atatu. Zina zinali za basi ndi katundu, koma zina n'zakuti amdala amalandira ntchito zambiri kuposa manja amene ali nawo, ukapita umapeza ali pansi pa Hilux ya munthu wina yomwe yabwera dzulo, yako ili pa mastandi yaunjikana fumbi, ndipo foni sayankha kawirikawiri, umayenera kupita wekha. Kotesheni yolemba kulibe, mtengo amanena pakamwa, ndipo pomaliza unakwera chifukwa cha ma top mount ndi ma bump stop omwe sanawawerengere poyamba. Sindikuti anandibera, zinthuzo zinafunikadi ndipo zakale anandionetsa zitang'ambika, koma munthu wa bajeti yothina umafuna kudziwiratu. Malo ake ndi a dothi, nthawi ya mvula ndi matope okhaokha, pokhala kasitomala palibe. Komanso alibe mashini a alignment, amagwiritsa chingwe, mastandi anayi ndi rula. Chingwecho amachidziwa, toe, kuloza kwa matayala, anaika bwino motoka siikoka mbali, koma ine ndinakapimitsabe pa kompyuta kwina kuti mtima ukhale pansi ndipo ndi ndalama ina imeneyo. Mabushi a polyurethane aja atadya fumbi anayamba kulira kwii kwii, ndinabwerera anapakanso girisi wake osandilipiritsa, koma ndi chinthu choti uzichita kawirikawiri, bwenzi atandiuza poyamba.

Kuyesa tinakayesera pa msewu wa mkati mwa famu ya munthu wina amene anatilola, chonde osamayesera pa msewu wa Chadiza kapena wa Lundazi, mumayenda ana asukulu, njinga za makala, ngolo. Amdala anabwera okha Lamlungu masana, anakhala pampando wa alamu atagwira chogwirira cha pamwamba pa chitseko, osalankhula. Pali pena pamene pali malata kenako kangalande n'kukhota kumanzere, kale pamenepo motoka imagunda pansi n'kuterereka chamutu kupita kutchire. Ulendo uno ndinamva matayala akugwira ntchito pansi pathu, tututu, koma sitiyaring'i ili phee m'manja, ngalande inangomezedwa, ndipo nditachotsa phazi pang'ono kumbuyo kunatsatira bwinobwino. Titaima anatsika n'kugwira shock iliyonse ndi kuseri kwa dzanja kumva kutentha, anayang'ana kachingwe ka pulasitiki komwe anamanga pa shafti kuti aone pomwe shock yafika, kanali katatsala pang'ono kufika pa bump stop koma osagunda. Ati, "Basi mwana wanga, yatha. Matayala uchepetseko mpweya pang'ono ukafika kumeneko, koma osati kwambiri angavuke pa rimu."

Ku mpikisano wotsatira scrutineering inatenga mphindi zochepa chabe, anatsegula boneti, anasuzumira pansi, anafunsa za chitsulo cha pa tower ine n'kuwaonetsa mzere wake papepala lomwe lija la zala za girisi, anasaina. Tinathamanga kalasi yathu ya standard ndi anzathu a motoka zofanana ndi yathu, tinamaliza siteji zonse, sitinawine koma sitinali omaliza, ndipo Lolemba m'mawa motoka yomweyo inandipititsa kuntchito popanda chogogoda chilichonse. Pa ulendo wa Great East Road ndi yolimbirapo kuposa ya fakitale, amayi akunyumba anaona kusiyana pa mahampu a ku Katete, koma si yoswa msana ngati ma coilover aja. Pakona ya patala imapendama kuposa mmene inalili itagwada, chimenecho ndi chomwe ndalipira ndipo ndavomera.

Kodi ndingatumize munthu kumeneko? Ngati uli ndi Subaru Impreza ya turbo ndipo ukufuna ma damper enieni a rally okhala ndi mathanki, ofuna kumasula ndi kuthira nitrogen, ayi, amdala alibe zida zake ndipo adzakuuza okha kuti pita ku Lusaka. Ngati ukufuna motoka yogwada yojambulitsa, mukangana tsiku loyamba. Koma wa Corolla, Starlet, RunX, amene ukufuna kulowa kalasi yapansi ndi motoka yomwe ukuyendera masiku onse, pita, upite mwezi wathunthu mpikisano usanafike osati sabata, uwapemphe akulembere mtengo wa chilichonse ngakhale pa kabokosi ka sipeya, ndipo pepala la kalasi upite nalo lopulinta kale.

Ine mvula ikatha ndibwererako, masipuling'i a kumbuyo ndikuona ngati afewa pang'ono tikanyamula tayala la sipeya ndi jeke ndi zida, komanso ndikufuna sump guard, chitsulo chotchinga pansi pa injini, yokhuthala kuposa yomwe ilipo. Alamu akuti tifunsenso za camber bolt, bawuti yosinthira kupendama kwa tayala, ngati pepala la chaka chino lailola, amdala ati tibwere nalo latsopano akaone okha, lakale lija asunga mu kabati yawo ya masipanala.